Alamu Anga Anasankhira Mwana Anzake

"Mwana wanga ndinamusankhira anzake ndekha, ngati mmene ndimasankhira matayala," anatero alamu anga ali pampando wanga wometera, mutu utametedwa mbali imodzi. "Pa phwando la tsiku lake lobadwa mudzaona nokha. Ndabwereka mipando yodzaza lole, koma ena adzaimirira. Magalimoto adzatseka msewu uno. Ana a mabwana okhaokha, alamu, odziwa ulemu. Osati tiana tosewera m'ngalande."

"Weramani pang'ono ndichotse zam'khosizi," ndinatero ine. Sindinawatsutse, chifukwa kachipinda kamene ndimameteramo ndi kawo.

Alamu angawo amagulitsa zipangizo za galimoto, ndiye aliyense amawatcha a Sipeya. Anakwatira achemwali anga. Ine ndine wometa, ndipo anthu amanditcha Sizasi. Sukulu ndinangoinunkhiza, koma maso ndili nawo, ndipo galasi la m'shopu mwanga limandionetsa msewu wonse popanda kutembenuka.

Mwana amene ankamunenayo ndi mphwanga, mtsikana yekhayo m'nyumbamo. Bambo ake amamutcha Dona, ndipo tonse tinangotengera pomwepo. Anali pafupi kukwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo anali ndi matenda odziwa kalendala. M'mimba munkamupweteka m'mawa uliwonse wa sukulu, koma Loweruka munkachira mokha. Kuchipatala anamuyeza zonse, sanapeze kanthu. Mwana amene kale ankabweretsa mphoto kunyumba anayamba kulakwa mayeso. Kenako tsiku lina, akutsuka mbale ndi mayi ake, anangoti, "Amayi, teremu ino ikatha ine sindidzabwererakonso kusukulu."

Achemwali atawauza amuna awo, yankho linali lalifupi: "Ndi ulesi wa kumtundu kwanu. Taonani achimwene anuwo. Phwando limuchiritsa."

Kale Dona anali ndi mnzake mmodzi, mwana wa alonda a pasitolo ya simenti, wochepa thupi moti tinkamutcha Waya. Awiriwo ankaseka mpaka kukhala pansi pa zinthu zopanda mutu. Koma bizinesi ya alamu itayamba kuyenda anagula jekete, ndipo jeketeyo inawanong'oneza kuti mwana wa mlonda sayenera kukhala pasofa pawo. Anamuthamangitsa masanasana, Dona akuona. Anati, "Nyumba ino si pokwerera basi." Atatero anamupezera Dona anzake anayi a m'kalasi yake yomweyo: mwana wa a manijala a kubanki, mwana wa loya, ndi mapasa a mwini malo omwetsera mafuta. Makolo awo onse anali makasitomala a alamu. Ine ndinkawatcha a Komiti, chifukwa ankayenda limodzi, kunong'onezana limodzi, ndipo palibe chooneka chimene ankachita. Akakumana ndi alamu ankapereka moni wa manja awiri, "Mwaswera bwanji, bambo?" ndipo alamu ankasungunuka ngati batala wa padzuwa.

Tsiku limene ankadzitamalo, pabenchi panali mayi wina akudikira kuti ndimumete. Ameneyo ndi a Profesa, amene amakhala m'nyumba yoyang'anana ndi ya alamu. Amakonda tsitsi lalifupi, ndiye mutu wophunzira kwambiri mumsewu mwathu umadutsa m'manja mwanga. Ndinawadziwa adakali mtsikana wovala nsapato zong'ambika. Anapita ku yunivesite, anabwerako, tinati atha. Anapitanso. Anabwerako ndi mkanjo wina, tinati tsopano atha. Anapitanso kachitatu. Pomaliza tinamva kuti ndi dokotala, ndipo anthu anathamangirako ndi misana yawo, n'kupeza kuti alibe ngakhale panado. Ndi dokotala wa za maganizo. Kuyambira pamenepo anakhala Dokotala Wopanda Jakisoni.

Anayamba ntchito kuchipatala, m'chipinda chimene amaonerako achinyamata. Iwo amati kumeneko anaona kuti ana ambiri obwera ndi mutu, ndi kusowa tulo, ndi m'mimba mopanda matenda, ukawafunsa bwino nkhani imakathera kwa anzawo. Ndiye anayamba kafukufuku wa mmene achinyamata amakhalira ndi anzawo. Kwa zaka zambiri, atapempha chilolezo kwa makolo ndi aphunzitsi, ankakhala pansi pa mtengo m'masukulu nthawi ya buleki, kuona kuti ndani akukhala ndi ndani, ndani akudya yekha. Anthu ankati, "Maphunziro onse aja kuti azikaonerera ana akudya mabanzi." Lero amaphunzitsa ku yunivesite, ndipo masiku ena amaonabe ana kuchipatala.

Alamu atawaona pagalasi anatulutsa foni.

"Dokotala Wopanda Jakisoni, inu amene mumadyera macheza a ana, taonani zithunzi izi. Awa ndiye amatchedwa anzake a munthu."

A Profesa anavala magalasi awo n'kuyang'ana. "Atsikana ooneka bwino. Dona ali pati?"

"Pitani chinacho."

Anapita chinacho. A Komiti pakhonde la sukulu. Chinacho, a Komiti akunyambita ayisikilimu. Chinacho, a Komiti atakolekana mikono m'khosi. Anayi, anayi, anayi.

"Ndiye wojambula," anatero alamu. "Amamukhulupirira ndi foni."

"Zonsezi?"

"Ali ndi dzanja labwino. Anatengera ine."

A Profesa anabweza foni ija. "Bambo, phwandoli mwanayo akulifuna? Munamufunsa?"

"Mayi, inu ana munawawerenga m'mabuku. Ine ndinabereka."

A Profesa alibe mwana, ndipo alamu ankadziwa bwino pamene akuponda.  Ndinawapukuta alamuwo m'khosi msangamsanga, ndipo anatuluka osalipira, monga mwa nthawi zonse.

Mayi aja atakhala pampando ndinati, "Muwakhululukire. Jeketeyo imawathina, magazi safika kumutu."

"Ndinazolowera, a Sizasi. Ndalemba zambiri pa nkhani imeneyi, koma amaziwerenga ndi anzanga a mikanjo, amene amazidziwa kale. Makolo amabwera kwa ine mwana atasiya sukulu, kapena atadzivulaza. Pamenepo m'pamene amakumbukira kuti ndimakhala pafupi."

Ndinawauza za m'mimba mwa Dona ndi zimene ananena potsuka mbale. Ndinafunsa kuti, "Ndiye mwana wathu ali ndi chiyani?"

"Sindinganene za mwana amene sindinacheze naye. Koma inu muli ndi miyendo. Pitani poweruka, muime patali, muone. Musaone mmene akukupatsirani moni. Muone amene akuyenda pakati ndi amene akuyenda kumbuyo, amene akuyankhula ena n'kumumvera, ndi amene akayankhula palibe wotembenuka. Atsikana ngati awa samenya kawirikawiri. Amangomusandutsa mnzawo mpweya. Ndipo mukadzamufunsa, musati 'Uli ndi anzako?' Aliyense amati eya. Mufunse kuti, 'Lero pa buleki unakhala ndi ndani?' Mukatero mutseke pakamwa."

"Kutseka pakamwa ndiye kovutako."

"Ndikudziwa. Mwadumpha pamwamba pa khutu apa."

Tsiku lotsatira masana ndinakhoma shopu n'kukaima pa sitolo yoyang'anana ndi geti la sukulu, ndikunamizira kusankha maloko. Belu litalira a Komiti anatuluka atatambalala msewu wonse, manja ali lendelende. Kumbuyo kwawo kunkabwera mulu wa zikwama woyenda wokha. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti pansi pa muluwo pali miyendo ya mphwanga. Pakona anaima, mwana wa a manijala anatambasula dzanja osatembenuka, kupereka foni. Dona anatula zikwama, anajambula, anabweza foni, anasenzanso. Ananena kanthu kena akumwetulira. Mmodzi wa mapasa anayasamula, ndipo onse anayi anaseka. Dona nayenso anaseka, mochedwa, ngati munthu wothamangira basi imene yanyamuka kale.

Tsidya lina la msewu kunkadutsa Waya yekha. Iye ndi Dona sanayang'anane.

Ine ndaonapo anthu akumenyana ndi mabotolo, koma nkhanza ngati za tsiku limenelo sindinazionepo. Panalibe bala loti ungaonetse munthu.

Madzulo ndinamuitana Dona kuti adzandithandize kupukuta galasi. Ali kupukuta ndinafunsa ngati ndikufunsa za mvula. "Lero pa buleki unakhala ndi ndani?"

"Anzanga."

Ndinaluma lilime. Ndinatenga kaburashi n'kuyamba kutsuka makina amene anali oyera kale. Patapita nthawi nsanza imene ankapukutira inasiya kuyenda.

"Ndimakhala kuchimbudzi, amalume. Ndimadzitsekera mpaka belu lilire."

"Tsiku lililonse?"

"Akandifuna amatuma munthu kudzagogoda. Anauza kalasi yonse kuti woyankhula ndi ine asadzayankhulenso ndi iwo. Amanditcha Sipeya. Amati malo anga ndi m'buti."

"Bwanji sunanene?"

"Adadi amasangalala akamaona zithunzi zija. Amazionetsa makasitomala."

"Nanga Waya?"

Anayang'ana pansi. "Tsiku limene adadi anamuthamangitsa lija ndinangoima, osanena kanthu. Ndingamuyang'ane bwanji kumaso?"

Sanalire. Anapitiriza kupukuta malo omwewo mpaka galasi linayamba kulira m'malo mwake.

Ndinamupempha kuti tiuze mayi ake, ndipo anavomera. Achemwali atamva anavula silipasi imodzi n'kuyamba kufunsa kumene a manijala amakhala. Ndinawagwira pageti n'kuwawolotsera kwa a Profesa.

"Mukapita kukalalata, mawa mwana wanu ndiye akalipire kuchimbudzi kuja," anatero a Profesa. "Valani silipasiyo. Choyamba mumuuze kuti mwamukhulupirira ndipo si kulakwa kwake. M'mimbamo akumvadi kupweteka, sakunama. Mantha amakhala m'thupi. Chachiwiri, musachite kanthu kumbali iye osadziwa, anthu amusankhira zinthu mokwanira. Mupite naye kwa mphunzitsi wa kalasi mwakachetechete. Chachitatu, mubwere naye kuchipatala. Ine ndimakudziwani kwambiri, ndiye adzacheza ndi mnzanga amene ndinamuphunzitsa ndekha. Zimene adzanene kumeneko n'zake, pokhapokha ngati moyo wake uli pangozi."

"Ndiye timupezere anzake ena?" anafunsa achemwali.

"Ayi, mayi. Kupezerako ndi kumene kwatifikitsa pano. Mwana safuna khamu. Pa zimene ndaona zaka zonsezi, mnzake mmodzi weniweni amamuteteza kuposa gulu. Analipo wotero?"

Achemwali anayang'ana ine, ine ndinayang'ana denga.

Zinatenga nthawi. Chipinda cha kuchipatala chinalibe bedi kapena fungo la mankhwala, munali mipando iwiri ndi zenera basi, ndipo ine ndinkadabwa kuti munthu angachire bwanji ndi mpando. Ulendo woyamba Dona anatuluka atatupa maso. Maulendo otsatira ankatuluka ndi njala. Mphunzitsi anamusamutsa pokhala n'kuyamba kuzungulira panja nthawi ya buleki m'malo momwa tiyi muofesi. Dona anaphunzira kunena mawu amene ine ndakalamba ndisanawanene kwa bambo ake: "Ayi, nyamula wekha." Kuyambira tsiku loyamba kuwanena, a Komiti anamulipsira mlungu wonse. Koma m'mawa mwake anavala yunifolomu.

Achemwali anapita okha kwa alonda kukapepesa. Alondawo anawalandira ataimirira, ndipo sindikuwaimba mlandu. Waya sanabwere msanga. Atabwera analowera khomo la kukhitchini, alamu ali kushopu, ndipo atsikana awiriwo anakhala nthawi yaitali akusenda mbatata osayankhulana. Kenako mbatata ina inagwera m'madzi n'kumuthira Waya m'maso, ndipo kuseka kuja kunabwerera m'nyumba. Za kusiya sukulu sitinazimvenso.

Otsala anali alamu. Achemwali anawauza zonse. Dona mwiniwake anaima pamaso pawo n'kunena kuti, "Adadi, phwandoli sindikulifuna. Aja si anzanga."

"Akudzaza mutu ndi mayi wa tsidya uyo," anatero alamu. "Ana amakangana, mawa agwirizana. Ine ndakumana nawo dzulo onse anayi, ndawafunsa ndi pakamwa panga. Ati, 'Tibwera, bambo, ndipo tibwera ndi kalasi yonse.' Mwana wa a manijala anganame kwa ine? Ndipo uyo wa alonda ndisamuone pabwalo. Kubwera anthu."

Inu makolo amene mukuwerenga izi, ndikuuzeni poyera zimene ine ndinaphunzira ndi lumo m'manja. Mwana akamadwala masiku a sukulu okha, akasiya kudya, akayamba kulakwa mayeso mwadzidzidzi, musathamangire kunena kuti ndi ulesi. Mufunseni amene amakhala naye pa buleki, ndipo mumumvetsere mpaka amalize. Kusalidwa ndi anzake ndi nkhanza, ngakhale palibe bala. Ulemu umene ana amakupatsani inu sukuuzani mmene amachitira ndi mwana wanu mukachoka. Mnzake wa mwana musamuyeze ndi ntchito ya bambo ake. Ndipo kupita kwa dokotala wa za maganizo si misala. Pitani msanga, mwana adakali pasukulu.

Alamu zonsezi anazimva, koma zinakakamira mu jekete.

Tsiku la phwando linali Loweruka. Lole inabwera m'mawa, ndipo ine amene ndili wa mtundu waulesi ndi amene ndinatsitsa mipando. Tinaindanda pabwalo mizeremizere mpaka kumpanda. Panali tenti, panali masipika aakulu ngati mafiriji, panali keke ya nsanjika ndi mabotolo m'mabafa a madzi oundana. Alamu anabwera kudzametedwanso ngakhale panalibe chometa. Analemba mnyamata woti azilozera magalimoto poima, kenako anamuchotsa, ati ntchito imeneyo ikufuna munthu wodziwa mabwana.

Nthawi itakwana anaima pageti. Dzuwa linawomba mipando mpaka inatentha. Woimba nyimbo anamaliza nyimbo zake zonse n'kuyambiranso. Madzi oundana anasanduka madzi wamba. Anafika ndi azakhali awiri, amene anakhala kutsogolo zikwama zili pamiyendo, ndi galu wa aneba amene anagona pansi pa mzere wachitatu.

"Mabwana safika pa nthawi," alamu anandiuza. "Inu simungadziwe."

Tsidya la msewu a Profesa ankathirira maluwa awo, osayang'ana kuno. Kukhitchini kunkamveka kuseka kwa atsikana awiri, ndipo keke ija inali itayamba kuchepa mbali yoyang'ana kukhoma.

Dzuwa litapendeka, pakona panatulukira galimoto yakuda, yaitali, yonyezimira. Alamu anaidziwa nthawi yomweyo, poti mabuleki ake anagulitsa ndi iwo.

"A manijala," anatero, akumanga batani la jekete. "Kweza nyimbo, iwe. Dona, tuluka, anzako afika."

Dona anatuluka n'kuima pafupi ndi ine, akupukuta zala pa diresi. Alamu analowa pakati pa msewu, anakweza dzanja n'kuyamba kulozera malo amene anasesa okha pafupi ndi geti. Galimoto inachepetsa liwiro. Galasi la kumbuyo linatsika. Munali a Komiti onse anayi, atavala zokayenda, milomo ili psuu.

"Mwaswera bwanji, bambo?" anatero pamodzi, mwaulemu wonse.

Galasi linakwera. Dalaivala anawazungulira alamu bwinobwino ngati akuzemba dzenje, ndipo galimoto inapitirira mpaka kukakhota kumapeto kwa msewu. Dzanja la alamu linatsala m'mwamba, likulozerabe malo oimikapo.

"Musadandaule, adadi," anatero Dona. "Tsiku loyamba ndi limene limapweteka kwambiri."